Bwalo lili ndi eni ake: zimene ndinaphunzira ku kalabu ya GAA ya m'mudzi mwathu ku Ireland

Zaka ziwiri zathunthu ndinkangomutsitsa mwana wanga pageti la bwalo n'kubwerera. Loweruka m'mawa, kawirikawiri ndikuchokera ku ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, maso akulemera ndi tulo, ndinkamupatsa botolo la madzi ndi kachipangizo koteteza mano, n'kumuuza kuti ndimupeza 11 koloko. Makolo amene ankaima m'mbali mwa bwalo ndinkawaona, iwonso ankandiona, tinkangokwezerana dzanja. Ndalama ya umembala ya chaka ndinali nditalipira, ndiye kwa ine nkhani inali yotha: ndalipira, amuphunzitse mpira.

Tikukhala m'kamudzi kena kunja kwa tauni ya Dundalk, m'boma la Louth, kufupi ndi malire a Northern Ireland. Mnyamatayu analowa kalabu ya GAA, bungwe la masewera a makolo a ku Ireland, chifukwa cha anzake akusukulu. M'kalasi mwake pafupifupi aliyense ankasewera, ndipo wosasewera ankasowa chokamba Lolemba. Ine poyamba masewerawo, amene amawatcha Gaelic football, ankandizunguza mutu. Mpira wake ndi wozungulira ngati wathu uja, koma amaugwira ndi manja, kuthamanga nawo masitepe anayi, kenako kuudunditsa pansi kapena kuugwetsera paphazi n'kuubwezeranso m'manja. Timu imakhala ya anthu 15. Mitengo ya golo ndi yaitali, yooneka ngati chilembo cha H. Mpira ukadutsa pamwamba pa mtanda ndi pointi imodzi, ukalowa mu ukonde ndi mapointi atatu. Ndiye mukaona pabolodi palembedwa 1-12, ndiye kuti chigoli chimodzi ndi mapointi 12, zonse pamodzi 15. Kuyambira 2025 anawonjeza lamulo lakuti wodutsitsa mpira pamwamba pa mtanda atamenyera kunja kwa mzere wa mamita 40 amapeza mapointi awiri. Palinso hurling, yosewera ndi ndodo yamtengo ndi kampira kolimba, ana atavala zipewa zoteteza mutu ndi nkhope. Hurling ya atsikana amaitcha camogie.

Vuto linabwera atandisinthira nthawi za ntchito. M'tauni, pafupi ndi kuntchito kwanga, muli kalabu ina yaikulu, yokhala ndi bwalo la kapinga wochita kupanga komanso magetsi a usiku. Ndinaona kuti kukhala bwino mwana asamukire kumeneko, ndizimutenga pochokera kuntchito. Ndinapita kwa mlembi wa kalabu yathu ngati mmene munthu amapitira kukatenga kalata yosamutsira mwana sukulu. Mayiwo anandiyang'ana kanthawi osayankha. Kenako anandifotokozera kuti kalabu imene mwana wayamba kuisewerera pa mpikisano wovomerezeka imawerengedwa kuti ndi kalabu yake yoyamba, ndipo kuti asamuke pamafunika fomu ndi chilolezo cha komiti ya GAA ya boma lonse. Anati malamulo ake amasiyana boma ndi boma, koma m'madera ambiri, makamaka akumudzi, munthu amasewerera parishi imene akukhala.

Ndinatuluka nditapsa mtima. Mumtima ndinkati mwana ndi wanga, ndalama ndi zanga, kodi akundivutitsa chifukwa ndine mlendo, kapena chifukwa cha khungu? Ndinafika mpaka poganiza zomusiyitsiratu. Ndikulemba izi chifukwa ndamva amayi anzanga ena ochokera kumudzi akulankhula mawu omwewa, ndipo ena anawatulutsadi ana awo. Safunsa anadya phula. Ine ndinatsala pang'ono.

Amene anandibweza ndi bambo wina wachikulire amene ankalemba mizere ya bwalo. Kunyumba timangowatchula kuti agogo. Tsiku limenelo kunali kamvula kowaza, iwo akukankha kawilibala kodzaza ndi penti yoyera, kumatsata chingwe chimene anakoka kuchokera pa mtengo wa golo. Nsapato zawo zinali zoyereratu kumphuno, zala zawo zopindika ndi nyamakazi. Atandiona nditaima pageti anasiya kawilibalako n'kubwera. Sanandiitane dzina langa. Anandiitana ndi dzina la mwana wanga, amake a uje, monga momwe timachitira kwathu, ndipo zimenezo zokha zinandifewetsa. Anati, "Amayi, ndamva kuti mukufuna kutitengera mnyamata wathu. Musanatero, lowani mumwe tiyi, ndikuonetseni kanthu."

Anati mnyamata wathu, osati wanu.

M'nyumba ya kalabu, imene zaka ziwiri zonsezo ndinali ndisanapondemo, khoma lonse ndi zithunzi. Zakale zilibe mtundu, anyamata atakhala pa benchi manja atapinda, ena atavala zipewa za kumunda. Agogo ankaloza mmodzimmodzi ndi chala. Awa ndi bambo anga. Awa ndi agogo ake a mwana amene amasewera kumbuyo limodzi ndi wanu. Uyu anapita ku England kukagwira ntchito yomanga, sanabwerenso. Anandiuza kuti kalabu isanakhale ndi bwalo lake ankasewera m'munda wa mlimi wina, kuyamba athamangitsa ng'ombe, kuvulira zovala kuseri kwa mpanda wa zitsamba. Bwalo limene ndinkatsitsirapo mwana analigula ndi ndalama zosonkha khomo ndi khomo, ndipo miyala anaitola ndi manja, amuna, akazi ndi ana, madzulo akaweruka. Panali zaka zina zimene analephera kukwanitsa anthu 15 chifukwa anyamata anali atathera ku England ndi ku America. Atafika pamenepo anakhala chete pang'ono, kenako anati kamudzi kamene kalephera kutulutsa timu kamakhala kayamba kufa.

Ndipamene ndinamvetsa chifukwa chimene mlembi uja anakhalira chete. Kalabu ikaluikulu ya m'tauni ikamakoka ana a m'midzi chifukwa ili ndi magetsi ndi kapinga wabwino, timidzi tating'ono timatsala opanda timu. Lamulo limene ndinkaliona ngati londipondereza analiika kuti liteteze anthu ochepa ngati ife.

Agogo anandiuzanso chiyambi cha bungwe lonse, ndipo zambiri ndinadzaziwerenga ndekha pambuyo pake. GAA, Gaelic Athletic Association, inakhazikitsidwa pa 1 November 1884 ku Hayes' Hotel m'tauni ya Thurles, boma la Tipperary. Amene anaitanitsa msonkhanowo ndi mphunzitsi wina wa ku Clare, Michael Cusack, pamodzi ndi katswiri wa masewera Maurice Davin, amene anakhala mtsogoleri woyamba. Nthawi imeneyo Ireland yense ankalamulidwa ndi Britain, atsamunda omwewo amene anatilamulira ife, ndipo masewera a makolo awo ankazilala pamodzi ndi chilankhulo chawo. Arkibishopu Thomas Croke wa ku Cashel anavomera kukhala nkhoswe ya bungweli, n'chifukwa chake bwalo lalikulu la ku Dublin, lolowa anthu 82,300, limatchedwa Croke Park. Pa bwalo limenelo, pa 21 November 1920, apolisi ndi asilikali a Britain anawombera anthu amene ankaonera masewera a Dublin ndi Tipperary. Anafa anthu 14, kuphatikizapo ana ndi wosewera wa Tipperary, Michael Hogan. Mbali ina ya bwaloli mpaka lero imatchedwa Hogan Stand.

Munthu akadziwa zimenezi sadabwa kuti kwa zaka zambiri membala wa GAA sankaloledwa kusewera, ngakhale kuonera kumene, mpira wamiyendo wathu uja, rugby, cricket kapena hockey. Mu 1938 anachotsa ngakhale Pulezidenti wa dziko, Douglas Hyde, pa unkhoswe wa bungweli chifukwa anakaonera mpira wamiyendo. Lamulolo linathetsedwa mu 1971. Ine ndimaliona kuti linali lowawa mopitirira, ndipo agogo nawonso ankavomereza kuti linadanitsa anthu apachibale. Koma linandithandiza kuona kuti anthuwa masewerawa anachita kuwamenyera nkhondo. Lero ana ambiri a pa kalabu yathu amasewera zonse ziwiri, palibe amene amawafunsa.

Chinthu china chimene chinandidabwitsa n'chakuti osewera salipidwa malipiro. Ngakhale amene amadzaza Croke Park pa ndime yotsiriza ya All-Ireland, mpikisano wa matimu a maboma a Ireland yense, Lolemba amabwerera kukaphunzitsa, kukalima, kukagwira ntchito ku banki. Makochi a ana athu, mlembi uja, agogo ndi kawilibala kawo, amayi amene amawiritsa tiyi, onsewo amagwira mongodzipereka. Ndalama imene ndinkati ndalipira ija imathera ku inshuwalansi, mipira, magetsi ndi zina zotero. Munthu amene ankaima pamvula kuphunzitsa mwana wanga Loweruka lililonse sankalandirapo kanthu, ndipo ine zaka ziwiri ndinali ndisanamuuzepo zikomo wochokera pansi pa mtima.

Patapita miyezi ingapo timu ya ana inaitanidwa kukasewera masewera apaubale ku Crossmaglen, kutsidya kwa malire, kummwera kwa boma la Armagh. Kuchokera kwathu ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola. Agogo anandipempha kuti ndiwatenge pagalimoto langa, ndipo njira yonse ankandikonzekeretsa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndinangokhala chete kumvetsera.

Crossmaglen ndi katauni kakang'ono, anthu ake safika 2,000. Kalabu yake inayamba mu 1887, patangopita zaka zitatu GAA itakhazikitsidwa. Poyamba inkatchedwa Red Hands, ndipo dzina lakuti Crossmaglen Rangers linabwera mu 1909. Amavala jezi ya mizere yakuda ndi yachikasu, bwalo lawo ndi St Oliver Plunkett Park. Nthawi ya zipolowe za ku Northern Ireland, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, asilikali a Britain analanda mbali ina ya malo a kalabuyi kuti akulitse kampu yawo imene inali pafupi pomwepo. Misewu ya kuderalo inali yoopsa kwa asilikaliwo, choncho katundu ndi anthu ankabwera pa helikopita. Ana akuphunzira mpira, helikopita inkadutsa pamwamba pa mitu yawo, phokoso lake mpaka likhweru la oyimbira osamveka. Anthu akumeneko amafotokoza kuti mpira ukagwera m'kati mwa mpanda wa asilikali, nthawi zambiri sunkabwerera, ukabwerera unkabwerera utaboolewa. Nkhani ya malowa inkakambidwa pa msonkhano waukulu wa GAA chaka ndi chaka. Malowo anabwezedwa pambuyo pa pangano la mtendere la 1998.

Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti sanasamuke. Akanatha kukapempha munda kwina, kutali ndi kampu, ana azisewera mwamtendere. Anakana. Ankadziwa kuti akangochoka tsiku limodzi, bwalo lapita. Ndiye ankabwerabe madzulo aliwonse, kutchetcha kapinga, kulemba mizere, kuphunzitsa ana pansi pa nsanja ya asilikali. Ana amene anakulira m'phokoso limenelo ndi amene anadzakhala timu yoopsa kwambiri m'dziko lonse. Anatenga chikho cha makalabu a ku Armagh zaka 13 zotsatizana, kuyambira 1996 mpaka 2008. Chikho cha makalabu a Ireland yense anachitenga kasanu n'kamodzi: 1997, 1999, 2000, 2007, 2011 ndi 2012. Zitatu zoyambirirazo kochi anali Joe Kernan, mwana wa kalabu yomweyo, amene mu 2002 anatsogolera timu ya boma la Armagh kutenga Sam Maguire, chikho cha mpira cha All-Ireland, koyamba m'mbiri yake. M'timu imeneyo munali ana a Crossmaglen monga Oisín McConville ndi mapasa John ndi Tony McEntee. Katauni kochepa choncho, osagula wosewera ngakhale mmodzi, chifukwa ku GAA wosewera sagulidwa.

Titafika, agogo anandigwira mkono n'kupita nane kumapeto kwa bwalo. Anandionetsa mbali imene kunali mpanda, n'kukweza dzanja kusonyeza kutalika kwake. Lero n'kapinga chabe, ana athu ankathamangapo akuseka. Tinagonja kwambiri tsiku limenelo. Masewera atatha anatilowetsa m'nyumba ya kalabu yawo, matebulo atadzaza masangweji ndi tiyi, ndipo mayi wina amene sindinamuonepo chibadwire anandikhazika pansi n'kundifunsa kuti Malawi ali mbali iti ya Africa, ndipo mwana wanga amakonda kusewera malo ati. Pobwerera mwanayo anagona kumpando wakumbuyo matope ali mpaka m'makutu. Za fomu yosamukira ija sindinazitchulenso. Vuto la mayendedwe linatha mosavuta: nditangolinena pa gulu la WhatsApp la makolo, mabanja awiri anayamba kusinthana kumutenga. Zaka ziwiri zija akanatha kutero, koma ndinali ndisanapemphe, iwonso ankaopa kundilowerera.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse n'zosalala. Tsankho liliko. Ku Crossmaglen komweko, wosewera wawo wakuda, Aaron Cunningham, anadandaula poyera kuti ananyozedwa chifukwa cha khungu lake pa ndime yotsiriza ya makalabu a chigawo cha Ulster mu 2012, ndipo nkhaniyo inagwedeza dziko. Pambuyo pake GAA inakhwimitsa malamulo pa za tsankho. Mwana wanganso tsiku lina mwana wa timu ina anamunena mawu oipa ali pa bwalo. Sanandiuze ine, anauza kochi wake, ndipo kochiyo anapita kwa oyimbira nthawi yomweyo, madzulo ake n'kubwera kunyumba kudzakhala nafe pansi. Ndinalira usiku umenewo. Koma ndinaona kusiyana kwake: ndikanakhala ndidakali mayi wa pageti uja, nkhaniyi ndikanaisenza ndekha. Zikakuchitikirani, musangomutulutsa mwana mwakachetechete. Kalabu iliyonse imayenera kukhala ndi munthu woona za chitetezo cha ana, funsani dzina lake tsiku loyamba. Lembani tsiku, malo ndi mawu amene ananenedwa, mukapereke kwa iye ndi kwa mlembi. Ndipo muonetseni mwana wanu anthu amene anadutsamo kale: Seán Óg Ó hAilpín, amene mayi ake ndi a ku Fiji, anali kaputeni wa Cork pomwe inatenga chikho cha hurling mu 2005, Lee Chin wa ku Wexford, Boidu Sayeh, wobadwira ku Liberia, amene anasewerera Westmeath.

Kwa amene mwangofika kumene, zoyambira zake sizovuta. Funsani kusukulu ya mwana kuti kalabu ya dera lanu ndi iti musanamulembetse kwina kulikonse, chifukwa kulowa n'kosavuta kusiyana ndi kusamuka. Kulembetsa kumachitika pa intaneti, pa tsamba la GAA lotchedwa Foireann. Ngati ndalama yavuta, lankhulani ndi mlembi kumbali, makalabu ambiri sabweza mwana chifukwa cha ndalama. Ana aang'ono amasewera zimene amazitcha Go Games, pamene mwana aliyense amapatsidwa mpata wolowa m'bwalo. M'chilimwe kumakhala Cúl Camps, sabata imodzi, ya ana a zaka 6 mpaka 13, ndipo amabwerako ndi jezi ndi chikwama. Pa mpira, choteteza mano n'chokakamiza, pa hurling chipewa. Mukafuna kuthandiza kuphunzitsa ana, apolisi amayamba afufuza mbiri yanu, musadabwe nazo, amatero ndi aliyense. Koma choposa zonsezi, tsikani m'galimoto. Imani pamzere ndi makolo anzanu ngakhale malamulo simukuwamvetsa. Gulani tikiti ya lotale ya kalabu mukakhala ndi ndalama. Ndipo pezani munthu wachikulire mumufunse kuti bwaloli linabwera bwanji. Simudzasowa wokuyankhani, amadikira funso limenelo.

Mu May 2025 Louth inatenga chikho cha chigawo cha Leinster itagonjetsa Meath ku Croke Park, koyamba kuchokera mu 1957. Agogo chaka cha 1957 anali kamnyamata, ndipo zaka zonsezo ankangokamba za timu imene inagonjetsa Cork n'kutenga Sam Maguire chaka chimenecho. Thupi linali litafooka, sanathe kupita ku Dublin. Tinaonera nawo pa TV m'nyumba ya kalabu. Likhweru lomaliza litalira sanakuwe ngati ena onse. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, misozi ikutsika.

Atamwalira, kochi anatumiza uthenga kuti ana onse abwere atavala jezi ya kalabu, adzaime m'mbali mwa msewu maliro akamadutsa. Ndinavutika nazo maganizo. Kwathu mwana wamng'ono sitimuyandikitsa ku bokosi, ndipo amayi anga nditawaimbira foni anati ayi, mwanayo akhale kunyumba. Ndinamufunsa mwiniwake. Anati, "Amama, agogo ankandilembera mizere. Ndipita." Ndinamusitira jezi usiku womwewo. M'mawa mwake anaima pamzere ndi anzake, kuyambira tiana ta zaka zisanu mpaka abambo a imvi amene anasewera ndi malemuwo, mizere iwiri kuchokera pageti la bwalo kulowera kutchalitchi. Pa bokosi anayalapo jezi ya kalabu. Galimoto la maliro litafika pageti lija linaima kanthawi, injini ikulira pang'onopang'ono, anthu onse ali zii. Ine ndinali kukhitchini ya kalabu kuyambira m'mamawa ndi amayi anzanga, kupaka batala pa buledi, monga momwe ndikanachitira pa maliro a kumudzi.

Panopa komiti ikusonkhanitsa zithunzi ndi nkhani kuti alembe buku la mbiri ya kalabu, ndipo anandiika m'gulu loyendera okalamba kukajambula mawu awo pafoni, poti ntchito yanga inandizoloweza kucheza nawo. Sabata yatha mlembi uja anabwera ndi chithunzi cha timu ya ana chimene chilowe m'bukumo. Mayina a osewera pa mapepala a GAA amalembedwa m'chilankhulo cha Chiairishi, koma lathu analisiya momwe lilili. Anandipempha kuti ndilitchule pang'onopang'ono kuti asalakwitse chilembo, kenako anafunsa ngati lili ndi tanthauzo. Ndinamuuza tanthauzo lake, ndinamuuzanso mfunda wathu ndi dzina la mudzi wa agogo ake a mwanayu. Analemba zonse kuseri kwa chithunzicho ndi pensulo.